Mphenzi ilibe mwini

Lero ndilemba zazitali, ndipo ndidziwa kuti ena mwa inu mukwiya nane. Palibe kanthu. Werengani mpaka kumapeto, mukatero mundikalipire.

Sabata yatha ndinatsogolera mwambo wa maliro pamudzi wina kuno kum'mawa, chifukwa ansembe athu anali kutali ku mpingo wina. Tinaika mnyamata wa zaka 12. Anali kubusa ng'ombe ndi mng'ono wake, mvula inayamba cha m'ma 15 hours, ndipo anathawira pansi pa mtengo wa mango umene uli wokha pakati pa munda. Mphenzi inagwa. Wamkulu anafera pomwepo pamodzi ndi ng'ombe zinayi. Wamng'ono anakomoka, koma anatsitsimuka, ali moyo.

Tisanamalize n'komwe kukwirira manda, ndinamva manong'onong'o kumbuyo kwanga. Anali kutchula madala wina wa pamudzipo, amene chaka chatha anakangana ndi banja lofedwa pa nkhani ya malire a munda. Ati pa mkanganowo anakamba kuti "muzaona". Madalayo sanabwere kumanda chifukwa cha mantha, ndipo kusabwera kwakeko anthu anakutenga ngati umboni. Akanabwera, akananena kuti wabwera kudzaona ntchito ya manja ake. Pofika madzulo anyamata anali kusonkha ndalama zokatengera sing'anga.

Ndivomere pamaso panu: ndinamva zonsezi, ndinakhala chete. Ndinatseka ndi pemphero, ndinadya nsima, ndinakwera njinga yanga n'kubwerera. Kuyambira tsiku limenelo tulo sindiliona bwino. Ndiye zimene ndinalephera kukamba kumanda ndikamba pano.

Palibe munthu amene angatume mphenzi. Sing'anga sangathe, mfiti singathe, mneneri sangathe. Iwe amene ukuwerenga, ngati unalozapo chala nkhalamba chifukwa cha mphenzi, kaya kaleza monga tikambira m'tauni, unamunamizira munthu wosalakwa. Ndikuuze chifukwa chake.

Tiyambe ndi chinthu chimene unachitapo uli mwana kusukulu. Unatenga cholembera cha pulasitiki, unachikhutiza m'tsitsi, ndipo chinayamba kunyamula timapepala. Kapena usiku wa mu July unakoka bulangeti la nailoni mumdima, n'kuona timoto tikuthetheka. Amenewo ndi magetsi obadwa pamene zinthu ziwiri zikhulana. Mphenzi ndi chinthu chomwecho, kusiyana kwake ndi kukula chabe.

Masana dzuwa likatentha nthaka, mpweya wofunda wa chinyezi umakwera m'mwamba n'kupanga mitambo ija yaitali yakuda kunsi. Pamwamba pa mtambo wotere pamazizira koopsa, madzi amaundana. Mphepo ya m'kati mwa mtambo imakweza tizidutswa topepuka ta madzi oundana, pamene timatalala tolemera tikutsika. Zikamadutsana zimagundana ndi kukhulana, ndipo mphamvu ya magetsi imagawikana: mtundu wina umasonkhana pamwamba pa mtambo, wina kunsi kwake. Nthaka imene ili pansi pa mtambowo nayo imasonkhanitsa mphamvu yosiyana ndi ya kunsi kwa mtambo, ndipo ziwirizi zimakokana. Mpweya wa pakati umayamba watchinga, koma mphamvu ikachuluka umagonja. Kanjira ka magetsi kamatsika kuchoka kumtambo modumphadumpha, ndipo kakayandikira pansi, zinthu zotalika monga mtengo, chulu, denga, kapena munthu woima pa dambo, zimatulutsa timinga ta magetsi tokwera kukakumana nako. Chimene chayamba kukumana nako ndicho chimamenyedwa.

Zikalumikizana pamadutsa magetsi a ma amp pafupifupi 30,000. Ketulo ya m'khitchini imadya ma amp ngati 10. Mpweya wa m'njiramo umatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000, kuposa pamwamba pa dzuwa kasanu, ndipo umafufuma mwadzidzidzi. Kuphulika kumeneko ndiko bingu limene umamva. Manje ndifunse: mphamvu yotere, imene olo Kariba singatulutse pa kanthawi kameneko, ukuti ili m'kansupa ka madala amene alibe ndalama yogulira feteleza?

Ndidziwa zimene uyankhe, chifukwa nanenso ndinakulira m'nkhani zomwezi.

Uti: "Nanga bwanji inasankha mwana mmodzi n'kusiya mng'ono wake?" Mphenzi ikamenya mtengo, magetsi amatsika ndi thunthu, ndipo ena amadumphira kwa amene wayandikira kapena watsamira thunthulo. Otsala amalowa m'nthaka n'kumwazikana mbali zonse, akucheperachepera mphamvu pamene akutalikira. Amene waima pafupi amalandira zambiri kuposa amene waima mapazi angapo kutali. Magetsiwo amalowera mwendo umodzi n'kutulukira wina, ndipo miyendo ikatalikirana amadutsa ambiri. N'chifukwa chake ng'ombe zimafa zambiri nthawi imodzi: miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi yotalikirana, ndipo mtima uli panjira. Ku Norway mu August 2016 mphenzi inapha nyama zakutchire zotchedwa reindeer zokwana 323 pamalo amodzi, zitaunjikana chifukwa cha mvula. Kansi nyama zimenezo zinakangana ndi ndani za malire?

Uti: "Koma inagwa kumwamba kuli koyera, mvula ili kutali." Inde, zimachitika. Mphenzi imatha kutuluka m'mbali mwa mtambo n'kukagwa makilomita 10 kapena kuposa kuchokera pamene mvula ikugwa. Ukamva bingu, olo dzuwa likuwala pamutu pako, uli kale m'dera limene ingafike.

Uti: "Pathupi pake panali zojambula ngati nthambi za mtengo, chizindikiro cha mankhwala." Madokotala amazidziwa zojambula zimenezo. Zimaoneka pakhungu la anthu ena omenyedwa ndi mphenzi kulikonse padziko, mzungu, mmwenye, munthu wakuda, ndipo kwa opulumuka zimazimirira zokha pakapita maola kapena masiku ochepa.

Uti: "Inagwa pakhomo lomwelo kawiri." Ngati mtengo wautali uja ukali pomwepo, idzagwanso kachitatu. Nyumba yaitali ya Empire State ku New York imamenyedwa ka 20 kapena kuposa chaka chilichonse, ndipo anthu amagwira ntchito m'katimo osavulala, chifukwa inamangidwa ndi njira yotsitsira magetsiwo m'nthaka.

Uti: "Koma madala anakamba yekha kuti muzaona." Mbale wanga, werenga anthu amene anakuuzapo mawu amenewo chiyambire. Pachigayo, pamjigo, pabwalo la mowa, ku local court, mawu amenewa amakambidwa tsiku ndi tsiku. Chikwi cha "muzaona" chimapita popanda kanthu ndipo timaiwala. Limodzi likagwirizana ndi tsoka, timaligwira ngati umboni. Iwe wemwe unawakambapo mawu amenewa kwa mlamu wako. Mphenzi ikanagwa pakhomo pake mwezi umenewo, lero bwenzi uli kuti?

Manje nane ndikufunse mafunso anga. Ngati mphenzi amatuma, bwanji otumawo amadikira dzinja? Kuyambira November mpaka March, makamaka masana ndi madzulo, ndiye timamva za imfa zimenezi. Mu June ndi July mfiti zimapita pa holide? Ndipo bwanji imapha abusa a ng'ombe, amayi olima m'munda, asodzi pamadzi, ana obwera kusukulu, anyamata a mpira? Anthu amene ali ndi adani ambiri m'dziko muno, andale, amalonda, oweruza milandu, sitimva kuti awombedwa ali mu ofesi kapena m'galimoto. Chifukwa chake n'chakuti nyumba yokhala ndi mawaya ndi mapaipi olowa pansi imapatsa magetsi njira yotsikira, ndipo galimoto yotsekedwa imawadutsitsa m'chitsulo chakunja osakhudza ali m'kati. Mphenzi imapha osauka chifukwa osauka ndiwo amapezeka panja mvula ikamagwa, ndipo alibe pothawira pabwino.

Tili pafupi ndi Congo, ndipo kum'mawa kwa dziko limenelo ndi amodzi mwa malo amene mphenzi zimang'anima kwambiri padziko lonse, chifukwa cha kutentha, chinyezi ndi mapiri. Makina oyenda mumlengalenga amaziwerenga: padziko lonse zimang'anima zopitirira 40 pa sekondi iliyonse. Ku America m'zaka za m'ma 1940 mphenzi zinkapha anthu mazana angapo pachaka, chaka china oposa 400. Masiku ano zimapha anthu ngati 20 kapena 30 pachaka, chonsecho anthu anachuluka kuposa kawiri. Mfiti za kumeneko sizinalape ayi. Anthu anachepa m'minda, nyumba zinasintha, ndipo ana anaphunzitsidwa kuthawira m'kati akamva bingu.

Pano ndiyankhule ndi ife a m'tchalitchi, chifukwa nafenso tili ndi bodza lathu lovala jekete. Ife sitikamba kuti "wamutumira", timakamba kuti "Mulungu wamulanga" kapena "analibe chitetezo cha pemphero". Pa 10 March 2018 mphenzi inagwa pa tchalitchi cha Seventh-day Adventist m'boma la Nyaruguru ku Rwanda anthu ali m'mapemphero, ndipo anthu 16 anafa. Anali m'nyumba ya Mulungu, pa tsiku lawo lopembedza. Pa 28 June 2011 inapha ana asukulu 18 pa Runyanya Primary School ku Uganda, ndipo n'chifukwa chake tsiku la 28 June limakumbukiridwa ngati tsiku lophunzitsa za kudziteteza ku mphenzi. Ana 18. Chiwerengero chomwecho chili pa Luka 13, pamene Ambuye anakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana poyera kuti anthuwo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Pa Luka 9, Yakobo ndi Yohane anafuna kuitana moto wakumwamba kuti upsereze mudzi wa Asamariya umene unakana kuwalandira, ndipo Ambuye anawadzudzula. Atumwi enieni sanaloledwe. Ndiye iwe ukuti Mulungu anapereka makiyi a mitambo kwa madala wa pamudzi panu?

Ife a Anglican nkhani imeneyi tinaionapo pakhomo pathu. Pa 9 July 1984 moto unawononga denga la mbali imodzi ya York Minster, tchalitchi chachikulu cha ku York ku England, ndipo ofufuza anapeza kuti mwachionekere inali mphenzi. Masiku atatu m'mbuyo mwake, m'tchalitchi momwemo anali atadzoza David Jenkins kukhala Bishopu wa Durham, munthu amene ambiri ankatsutsana ndi maphunzitso ake. Ena anafuula kuti ndi mkwiyo wa Mulungu. Koma motowo unabuka usiku, bishopuyo kulibe, ndipo unatentha matabwa. Ukuona kuti mtima wofuna wolakwa tsoka likagwa si wa Achewa kapena Ansenga okha. Uli paliponse, ndipo paliponse umasankha munthu amene tinali kale osamukonda.

Taona amene timawaloza. Nthawi zonse ndi nkhalamba, mayi wamasiye, munthu wosabereka, wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, kapena amene munda wake ena akuufuna. Sindinamvepo mudzi ukuloza mwana wa anyakwawa amene ali ndi abale asanu ndi atatu amphamvu. Ndipo sing'anga kapena mneneri amene mukamutenge sangabwerere chimanjamanja. Mwamulipira mbuzi ndi ndalama kuti apeze munthu, ndiye adzamupeza. Asanafike pabwalo amakhala atamva kale panjira dzina limene mudzi ukufuna. Ndi liti pamene munamva wa malonda amenewa akukamba kuti "pano palibe wolakwa, unali mtengo wautali chabe, tengani mbuzi yanu"?

Dziwanso kuti lamulo la dziko lino, Witchcraft Act, Chapter 90, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Ukatentha nyumba ya madala kapena kumumenya, amene adzagona m'chitokosi ndiwe, sing'anga ali kwawo akudya mbuzi. Ndipo tsitsi lako nalo lidzachita imvi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikunena kuti zoipa kulibe m'dziko. Anthu amadana, amathirirana poizoni, amaphana. Sindikunenanso kuti sayansi ingayankhe funso limene mayi wa mwana uja anafunsa akugubuduka pamanda, lakuti chifukwa chiyani wanga. Funso limenelo ndilibe yankho lake, ndipo amene akuti ali nalo pa mtengo wa mbuzi imodzi ndi wakuba. Chimene ndikukana ndi ichi: kutenga chisoni cha mayi n'kuchisandutsa nkhwangwa yodulira munthu wina. Tikatero maliro amakhala awiri, ndipo mtengo wa mango ukali pomwepo kudikira mwana wina.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Bodza limeneli limapha kawiri. Limapha woganiziridwa, ndipo limapha ana athu chifukwa tikakhulupirira kuti mphenzi amatuma, sitiphunzitsa ana kuithawa. Timaika tayala padenga, timaphimba magalasi, timaletsa zovala zofiira, timakwirira mankhwala pakhomo. Zonsezi magetsi sazidziwa. Nazi zimene zimathandiza, uziuze ana ako lero lomwe.

Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, phokoso limayenda mamita ngati 340 chabe. Ukaona kung'anima, werenga mpaka umve bingu. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Koma osadalira kuwerenga kokha: bingu likangomveka, siya khasu, tuluka m'madzi, imitsa mpira. Osathawira pansi pa mtengo, makamaka woima wokha. Choka pa chulu, paphiri, pa dambo loyera, ndi pafupi ndi mpanda wa waya. Mukakhala ambiri panja popanda pothawira, mwazikanani, ndipo osagona pansi. Thawira m'nyumba yomangidwa bwino kapena m'galimoto kapena basi yotsekedwa. Uli m'nyumba, osagwira mawaya, mipopi kapena foni imene ili pa chaja cha kukhoma. Foni ya m'manja payokha siitana mphenzi. Ndipo dikira mphindi 30 bingu lomaliza litamveka usanabwerere kumunda. Ng'ombe zikalowa m'chimanga cha eni ake mwana atathawa mvula, lipira chimangacho ndipo usamumenye. Ana ambiri amakhala pansi pa mtengo chifukwa amaopa chikoti cha atate awo kuposa bingu.

Chinanso chachikulu: munthu womenyedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mugwire, palibe chimene chingakuchitikire. Mwa anthu khumi omenyedwa, pafupifupi asanu ndi anayi amapulumuka, ndipo amene amafa nthawi zambiri ndi chifukwa mtima waima kapena asiya kupuma. Ngati sakupuma, mugoneke chagada, ika manja pakati pa chifuwa, kankha mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, mupumire m'kamwa ngati udziwa, ndipo wina athamange kukafuna thandizo la kuchipatala. Ndi angati amene tinawaika m'manda chifukwa tinaima patali tikuopa "mankhwala", pamene manja athu akanawadzutsa?

Ndikambenso zoona pa nyumba zathu. Nyumba ya udzu, kapena ya malata okhomedwa pa mitengo popanda waya wotsikira pansi, siteteza mokwanira. Magetsi akamenya malata amasowa njira, ndipo amadumphira kwa amene ali m'kati. Matchalitchi ndi masukulu ambiri a kumidzi ali choncho, ndipo kawirikawiri ndiwo amatalika kuposa nyumba zonse. Njira yake inadziwika kalekale. Benjamin Franklin ku America anaonetsa mu 1752 kuti mphenzi ndi magetsi, ndipo anapanga ndodo yachitsulo yoika pamwamba pa nyumba, yolumikizidwa ndi waya wonenepa wotsikira ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Papita zaka zoposa 270. Waya wake ndi wa kopa, ndipo kopa amakumbidwa muno mwathu ku Copperbelt ndi ku Solwezi. Tchalitchi chimene ndimatumikirako chilibe chida chimenechi. Tinasonkha za ma speaker, tinasonkha za yunifomu ya kwaya, tinasonkha za matailosi, koma denga limene ana a Sunday School amakhala pansi pake sitinaliganizire. Manyazi amenewa ndi anga poyamba. Pa msonkhano wa komiti ukubwerawu ndikaika nkhaniyi patebulo, kuti tifunse munthu wodziwa ntchito ya magetsi atiuze mtengo wake, chifukwa chida choikidwa molakwika nacho n'choopsa. Iwenso kafunse ku mpingo kwanu ndi ku PTA ya sukulu ya ana ako.

Loweruka ndibwerera kumudzi kuja. Ndikayamba ndi kukhala pansi ndi mayi wofedwa, popanda kumuphunzitsa kanthu. Kenako ndikaonana ndi anyakwawa, ndipo ndikakhala pakhonde pa madala uja masana, anthu akuona, n'kumwa madzi a m'nyumba mwake. Mwina ena adzasiya kundipatsa moni. Ndinayenera kuchita zimenezi sabata yatha.

Iwe amene wawerenga mpaka pano, dzinja lino pamudzi panu kapena m'komboni mwanu mudzamveka dzina la wina likunong'onedwa. Usadzachite ngati ine kumanda kuja. Tsegula pakamwa.

Tipemphere. Ambuye, tonthozani mayi amene wataya mwana wake. Sungani nkhalamba imene ikugona ndi mantha usiku uno. Tikhululukireni ife amene tinamva bodza n'kukhala chete, ndipo tipatseni nzeru yoteteza ana athu mvula ikamabwera. Amen.

Mugone bwino, abale. Amene ali ndi ana obusa ng'ombe, muwawerengere uthengawu.